Geti Limene Silinagwe

Mkamwini wanga anaponda phazi la mdzukulu wanga ndi galimoto Lachisanu lina masana, mvula yoyamba isanagwe, koma amene anapepesa pa mlanduwo ndi mwana wanga wamkazi. Ine ndinalipo. Ndinaona ndi maso anga omwewa, amene lero aliyense akuti ndi akufa.

"Mukakayankhula zimenezo kuchipatala, ine musandidziwe," anatero akazi anga m'mawa wa Lamulungu lake, akuthira tiyi m'fulasiki. "Mukufuna banja la mwana wanu lithe?"

"Banja lake liti, amake Chisamba? La munthu amene amabweza galimoto m'mbuyo osacheuka?"

"Tsitsani mawu. Khoma ili n'lopyapyala, aneba akumva."

"Amve. Mwina ndingapezepo mboni."

"Mboni ya chiyani? Iwowo analipo?"

"Ndinalipo ine."

Anatseka fulasikiyo ngati akupotokola khosi la nkhuku. Zaka zonse zimene takhala limodzi zandiphunzitsa kuti akayamba kulongedza zinthu osandiyang'ana, ndiye kuti nkhani anaigamula kale ndi anthu ena, ine akungondidziwitsa.

Ana tili nawo awiri. Wamwamuna timangomuti Chisamba, wamkazi Mzime. Mzime ali ndi kamtsikana kamodzi ka zaka zitatu, kamene tinakatcha Kachiwala chifukwa kuyenda sikakudziwa, kamangodumpha. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi. Lachisanu limenelo ndinali kwa Mzime, ndikukonza geti lawo limene mahinjesi ake anathyoka. Ndinalichotsa n'kuligoneka pansi, pa njerwa, monga ndimachitira pakhomo paliponse pamene pali ana. Geti sindilitsamiritsa kukhoma. Mkamwini analowa ndi pikapu ya kuntchito kwake, liwiro ngati wina akumuthamangitsa, n'kupitirira pamene amaimika. Kamwana kanathamangira bambo ake. Mzime anali pachingwe akuyanika zovala, ndipo anakuwa. Inenso ndinakuwa. Galimoto inabwerera m'mbuyo.

"Atatsika m'galimotomo," ndinatero kwa akazi angawo, "fungo la mowa linandipeza mwini wake asanafike. Ndipo mawu ake oyamba anali otani? 'Galimoto iyi isaoneke kuchipatala.' Mwana akulira pansi, iye akulirira galimoto. Anaithawitsira kuntchito, ife n'kutsala tikuimitsa za eni pamsewu."

"Mwandiuza kale, makutu anadzaza."

"Nanga n'chifukwa chiyani adokotala anauzidwa kuti linamugwera geti? Geti logona pansi limagwa bwanji? Limayamba ladzuka kaye?"

"Abambo, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Anamulowetsa ntchito mkamwiniyo ndani? Si Chisamba? Anamuikira umboni kwa mabwana ndani? Zikamveka kuti anatenga galimoto ya kampani nthawi ya ntchito, ataledzera, n'kuponda mwana, achotsedwa onse awiri. Wina akalowa m'ndende. Ndiye mudzawadyetsa ndinu ndi tizitsulo tanuto?"

"Ndinawalera ndi tizitsulo tomweto."

"Nthawi imeneyo munali ndi maso."

Anatenga kachikwama kawo n'kutuluka. Sanandifunse ngati ndipita nawo.

Chisamba anabwera kushedi kwanga tsiku lotsatira, nthawi yopuma ya masana, atavala malaya oyera ndi tayi. Anaima pakhomo kuopa dzimbiri. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa mpaka anafika pokhala ndi tebulo lakelake ku kampani, ndipo chiyambire pamenepo amandiyankhula pang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi wodwala.

"Bambo, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Nena chimene wabwerera, magetsi angathime ntchito ili pakati."

Anandiuza kuti adokotala sanakhutire. Akuti phazi logweredwa ndi chitsulo silifanana ndi phazi lopondedwa ndi tayala. Tsono anaitana mayi wina wa ku ofesi yoona za ana kuti adzafunse Mzime payekha.

"Ndiye zili bwino," ndinatero. "Dokotala ameneyo akuonera tonse."

"Sizili bwino, bambo. Ife tagwirizana kuti mlongo wanga anene kuti anasiya mwana akusewera pafupi ndi geti, iye n'kulowa m'nyumba. Basi. Ngozi ya pakhomo. Palibe amene amamangidwa chifukwa cha ngozi ya pakhomo."

"Mwagwirizana inuyo ndani?"

"Ine, alamu, amayi awo a alamu, ndi amayi."

"Mzime?"

"Akumvetsa."

"Ndiye kuti anamize boma, anamize Mulungu, adzinamizirenso yekha mlandu."

"Si kunama kwenikweni." Apa analowa, dzimbiri ataliiwala. Anatola choko changa cholembera miyezo n'kulemba pa chitsulo chimene ndinkafuna kudula: concede. "Pa Chingerezi pali mawu awa. Ndi kuvomera, koma kuvomera kwa munthu amene mtima wake sukufuna, wangolola kuti zinthu zipite patsogolo. Pamkangano umamulolera mnzako kamfundo kamodzi kuti upulumutse nkhani yaikulu. Wopikisana pa chisankho akaona kuti zamuvuta, amatero, anthu n'kugona tulo. Ngakhale pa mpira, goloboyi akamwetsedwa chigoli, mawu ake ndi omwewa. Safa nazo manyazi, masewera amapitirira."

Sukulu ine ndinalekeza kalasi yachinayi, koma ndinaona kalekale kuti chinthu chikayamba kununkha, anthu ophunzira amachiveka jekete ya Chingerezi.

"Goloboyi wakoyo," ndinatero, "amavomera mpira umene walowa m'golo mwake. Uwu walowa mwa alamu ako. N'chifukwa chiyani akautole ndi mlongo wako?"

"Chifukwa iyeyo sataya kanthu, bambo. Mayi aliyense amacheukapo kumbali tsiku lina. Adzamudzudzula pang'ono, nkhani n'kutha. Koma akavomera alamu, denga lagwera tonse."

"Nanga kamfundo kanga n'kati? Poti sunadetse nsapato zakozo kuti udzandiphunzitse Chingerezi."

Anapukuta choko m'zala ndi kampango. "Inu, akakufunsani, mungovomera kuti maso anu saona bwino. Limenelo si bodza. Mankhwala a m'maso ndimakugulirani ndine."

"Maso anga anapsa ndi moto wowotcherera, inde. Singano itagwa pansi sindingaitole. Koma galimoto si singano."

"Ine ndangopempha, bambo. Paja kunena kwa ndithendithe nanthambwe anadzitengera."

"Wayamba kuopseza bambo ako ndi miyambi imene anakuphunzitsa okha."

Anayang'ana nthawi pa foni, n'kupita. Ine ndinatenga gilayinda n'kudula chitsulo chija pakati penipeni pa mawu akewo. Theka linapita ku bedi la munthu wina, theka ku windo.

Kuchipatala ndinapita ndekha. Wodi ya ana inali yodzaza, ena awiriawiri pabedi limodzi. Kachiwala anali chakukhoma, ali mtulo, mwendo uli m'chikhakha utakwezedwa pa mtsamiro. Mzime anakhala pansi pa katoni, atatsamira bedi, atavala diresi lomwe lija la Lachisanu.

"Abambo, mwabwera wapansi?"

"Miyendo ndiyo sanainene kuti yafa. Akuti bwanji adokotala?"

"Zala ziwiri achotsa. Kuyenda adzayenda, koma motsimphina."

Ndinakhala naye pa katoni pomwepo.

"Mayi wa ku ofesi uja wabwera?"

"Abwera mawa."

"Ukamuuza chiyani?"

Anayamba kupinda kamalaya ka mwana kamene kanali kopinda kale.

"Iwe Mzime, unali pachingwe. Unakuwa galimoto isanasunthe. Ine ndinakumva. M'nyumba sunalowe."

"Kumene ndinali ndikukudziwa, abambo."

"Nanga?"

"Nanga ndikanena, abambo ake a mwanayu amangidwa. Achimwene achotsedwa ntchito, pomwe akazi awo ali oyembekezera. Amayi adzandiyang'ana ndi diso lanji? Mwana uyu akatuluka muno afunika nsapato yapadera, afunika kumabwera naye kuno. Ndidzamubereka kupita naye kuti?"

"Kwathu. Chipinda chako chilipo."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. "Mmene munadzazamo mafelemu muja?"

"Mafelemu amatuluka."

"Abambo ake analira dzulo. Anagwada pomwe mwakhala inupo, anamwino akuona. Akuti mowa asiya. Akuti ndikawapulumutsa pano sadzaiwala mpaka imfa."

"Wogwa m'chitsime amalonjeza ng'ombe, mwana wanga. Akatuluka amangokupatsa moni."

"Inu mumakayikira aliyense."

"Ndakalamba nazo. Tamvera. Mawu ali ngati chitsulo. Ukawotcherera, kuti uchotse umachita kudula, ndipo chipsera chimatsala. Ukanena mawa kuti unasiya mwana, udzakhala mayi wosiya mwana mpaka imvi."

"Ndi za tsiku limodzi, abambo. Ndikauza munthu mmodzi wachilendo, basi. M'banja muno aliyense akudziwa zoona."

Kachiwala anadzuka n'kundiona. "Agogo, tinyenyezi mwatisiya kuti?" Ndi mmene amatchulira moto wothetheka ndikamawotcherera.

"Ndatisiya kushedi. Tikudikira iwe."

Anafuna kudzuka, mwendo n'kumukumbutsa. Analira mopanda mphamvu, ndipo mayi ake anamuika mutu pachifuwa, akumuimbira chapansipansi mpaka anagonanso. Nkhani yathu inathera pomwepo.

Mayi wa ku ofesi anabweradi, ndipo Mzime ananena zimene anauzidwa. Ine sanandiitane. Chisamba anali atamuuza kale kuti bambo ake ndi okalamba, saona, ndiponso mutu sukuwayenda bwino chifukwa geti linali m'manja mwawo. Akuti mayiyo anamulangiza Mzime mwaulemu n'kumapita.

Ndinkayesa zathera pamenepo. Koma sabata yotsatira asewere anga, amayi a mkamwini, anatiitana kunyumba ya anawo, akuti tikakonze mitima. Asewere ndi mayi wamasiye, mwini golosale, ndipo amayankhula mofatsa ngati nthawi zonse ali pakati pa pemphero. Munthu woyankhula choncho ine ndimamuyang'ana manja.

Titafika, ndinaima pakhomo. Geti langa lija linali litadzuka. Wina analiimika n'kulitsamiritsa kukhoma la mpanda, chopendekeka, monga amachitira anthu osadziwa ntchito. Njerwa zanga panalibe.

"Taonani, amake Chisamba," ndinatero. "Zitsulo zayamba kuyenda zokha."

"Tiyeni tilowe, anthu akudikira."

Pabalaza panadzaza. Panali asewere, mkamwini, Chisamba, komanso anthu amene sindinkawayembekezera: amalume a mkamwini, ndi mlongo wake wamkulu, mayi wapakamwa pakuthwa. Awiriwa za galimoto sanauzidwe. Anangomva kuti mwana wa m'bale wawo waduka zala chifukwa cha mayi wake, ndipo anabwera atakwiya kale. Mzime anasiya mwana kuchipatala ndi mkazi wa Chisamba. Mzimeyo anauzidwa kukhala pa kampando kakafupi pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, m'nyumba mwake momwe.

Asewere anayamba. "Abale anga, tsoka silinunkha. Chachitika chachitika, madzi akatayika saoleka. Tasonkhana kuti wolakwa apepese, wolakwiridwa akhululuke, banja lipite patsogolo."

"Ili linkanunkha, asewere," ndinatero. "Linkanunkha mowa."

Akazi anga ananditsina pantchafu. Amalume aja anatembenuka.

"Mowa wanji, achikulire?"

"Afunseni akamwini angawo. Afunseni kuti pikapu ya kampani inkafuna chiyani pakhomo pano Lachisanu masana. Mwanayo sanagweredwe ndi geti. Geti ndinaligoneka pansi ndi manja angawa. Anapondedwa ndi tayala la m'mbuyo, la kumanzere, ndipo pa chiwongolero panali bambo ake."

Mlongo wa mkamwini anayang'ana mchimwene wake. Amalume anachotsa magalasi. Ndinaona kuti mawu anga alowa.

Asewere sanakweze mawu. Anapinda manja pamiyendo.

"Tiwamvetse asewere anga," anatero. "Geti linali m'manja mwawo. Munthu wamkulu ntchito yake ikavulaza mdzukulu, mtima umafunafuna pothawira. Ine sindiwaimba mlandu. Koma poti atchula mwana wanga pamaso pa amalume ake, ndiwafunse kanthu kamodzi. Asewere, wotchi ili pakhomayo ikuti nthawi yanji?"

Ndinayang'ana. Ndinaona chinthu chozungulira, choyera, ngati mbale. Mivi yake sindinaione.

"Wotchi ndi galimoto n'zosiyana."

"Ndangofunsa nthawi."

"Sindikuiona."

"Ndiye mukuvomera kuti maso anu ndi ofooka?"

"Ndi ofooka, inde, koma tsiku limenelo ndinali pafupi ngati apa ndi..."

"Basi, asewere, tamva. Zikomo ponena chilungamo."

Amalume anavalanso magalasi awo. Zimene ndinanena pambuyo pa mawu oti 'koma' palibe anazitola. Chisamba ankayang'ana pansi. Ndinatembenukira kwa mkamwini.

"Apongozi, tandiyang'anani. Ine maso ndilibe, inu muli nawo. Nenani nokha pamaso pa amalume anu. Munaponda mwana kapena simunaponde?"

Anayang'ana nsapato zake nthawi yaitali.

"Ine ndinapeza zitachitika kale, bambo."

"Galu wamkota sakandira pachabe," ndinawauza amalumewo, koma iwo anakweza dzanja.

"Achikulire, mwayankhula. Tiyeni timve kwa mwini mwana. Mayi, kodi bambo anuwa akunena zoona?"

Mzime anaimirira. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana mayi ake, n'kuyang'ana mchimwene wake. Mwamuna wake sanamuyang'ane.

"Ndinalakwa ndine," anatero. "Ndinasiya mwana pafupi ndi geti, ndinalowa m'nyumba. Mundikhululukire."

"Munalowa kukatani?" anafunsa mlongo wa mkamwini.

Limenelo sanamukonzere yankho. Bodza lili ngati denga lodontha, ukamata apa limayambira apo.

"Foni inalira," anatero.

"Foni," anabwereza mlamu wakeyo, akuyang'ana aliyense. "Mwamva? Zala ziwiri za mwana, foni. Inali ya ndani foni yofunika chotero, alamu?"

"Zakwana," anatero asewere. "Wavomera. Wovomera sapondedwa pakhosi. Mwana wanga, mkazi wako wapepesa. Ukuti bwanji?"

Mkamwini anakweza mutu. Misozi inali m'maso mwake, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti inali ya chiyani.

"Ndakukhululukira, mayi," anatero.

Anapemphera. Kenaka anatsegula zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo amene anayenda ndi thireyi kugawira anthu anali Mzime. Langa ndinalisiya losatsegula.

"Mwaona," anatero akazi anga tili m'njira, "zatha bwino. Mukanapanda kuyankhula inu zikanatha msanga."

"Linda madzi apite, amake Chisamba, ndipo uziti ndadala."

Mwana atatulutsidwa m'chipatala, asewere anabwera ndi takisi n'kupita naye kwawo. Anati ndi kwa masiku ochepa, poti nyumba yawo ili pafupi ndi chipatala ndiponso ilibe masitepe. Mzime anavomera, chifukwa zinkamveka zanzeru. Anapita kwake kukachapa, kukakolopa, kukakonza kabedi. Sabata inatha. Ina inayamba.

Tsiku lina m'mawa ndinamva munthu ataima kumbuyo kwanga m'shedi. Ndinazimitsa makina n'kuchotsa magalasi akuda. Anali Mzime, m'manja muli kansalu koberekera mwana.

"Andikaniza, abambo."

"Akukaniza chiyani?"

"Mwana. Ndinapita kukamutenga. Apongozi anga anandilandirira pakhonde. Akuti mwana wovulala safuna mayi wa pa foni. Akuti akhala nawo mpaka adzaone kuti ndaphunzira kulera."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati amayi, inu mukudziwa mmene zinakhalira. Iwo anati, 'Ine ndikudziwa zimene unanena wekha, pamaso pa anthu, ndi ku ofesi komwe. Palibe anakugwira lilime.'"

"Mwamuna wako?"

"Ndinawakumbutsa za kuchipatala, mmene anagwadira. Akuti amayi awo akudziwa chimene akuchita. Akuti ndisamawakumbutse za tsiku limenelo, zimawapweteka mutu, paja anandikhululukira kale." Anakhala pa chitini cha penti. "Abambo, amanena akundiyang'ana m'maso. Ngati akukhulupirira."

"Mowa anasiya?"

Anangopukusa mutu.

Ndinatseka shedi dzuwa lili pamutu, tinapita kunyumba, ndipo ndinatumiza uthenga kwa Chisamba kuti abwere akaweruka. Anabwera, tayi ili m'thumba.

"Kamfundo kako kaja," ndinamuuza, "kadya mwana. Unati mlongo wako sataya kanthu."

"Ine sindinkadziwa kuti amayi aja achita zimenezi, bambo. Ndiyankhula ndi alamu."

"Ndikufuna ndibwerere ku ofesi kuja, achimwene," anatero Mzime. "Ndikanene zoona."

Chisamba anakhala pansi, n'kuyamba kuyankhula pang'onopang'ono, ndi mawu aja amandiyankhulira ine.

"Ukanena, akakufunsa kuti unanama liti, tsiku lija kapena lero. Akaona kuti wasintha mawu chifukwa wakangana ndi apongozi ako. Mboni yako ndani? Abambo, amene anavomera pagulu kuti saona? Ndipo mayi amene anabisa munthu wovulaza mwana wake, ukuganiza kuti a ku ofesi angamupatse mwanayo? Ungotaya zonse, mlongo wanga. Upirire pang'ono. Uziwapitira mwaulemu, afewa."

"Iwe ungaikire umboni," ndinatero. "Alamu ako anakuuza zoona tsiku lomwelo."

"Ine pamalopo panalibe, bambo."

"Amake Chisamba, nanga inu? Ndinu munati khoswe sapheka. Mkhate uja ndi uwu wasweka, khoswe ali moyo."

Akazi anga anali atakhala pakhomo la kuchipinda, akupotokola ngodya ya nsalu yawo. Ankalira mosatulutsa mawu.

"Ine ndinkafuna mtendere," anatero. "Banja ndi kupirira. Ifenso tinapirira."

"Munapirira chiyani, amayi?" anafunsa Mzime. "Wina anakulandani ine?"

Chisamba anadzuka, akuti akazi ake ali okha kunyumba.

Ku ofesi kuja ndinapita ndekha. Ndinadikira pa benchi mpaka mayi uja anandiitana. Anandipatsa mpando, anandimvetsera bwinobwino osandidula. Kenaka anandifunsa ngati ndine agogo aja a vuto la maso. Anati iye sangachite kanthu pokhapokha mayi wa mwana atabwera yekha, ndiponso patakhala munthu wina amene anaona. Anandiperekeza mpaka pa masitepe, atandigwira pamkono kuti ndisagwe.

Mzime sanapite. Mawu a mchimwene wake anamulowa m'mafupa. Asewere anamuikira lamulo loti azibwera kudzaona mwana Lamulungu masana, anthu akaweruka ku tchalitchi, ndipo mlamu wake uja azikhala pomwepo.

Lamulungu lapitali ndinapita naye. Tinakhala pabalaza la asewere, pa sofa wokutidwa ndi pulasitiki. Kachiwala anali atachotsedwa chikhakha. Anabwera akukoka mwendo, atagwira khoma, n'kukwera pamiyendo pa mayi ake. Mzime anamuvula sokosi, akumusisita phazi ndi mafuta amene anabwera nawo m'chikwama. Mlamu wake anakhala moyang'anana nafe, akuluka.

Kenaka kunalowa mayi wina wa ku tchalitchi kwa asewere, wodzacheza. Atapereka moni, anawerama n'kumugwira mwana patsaya.

"Iwe kamwana kokongola, mwendowu watani?"

Kachiwala anayankha msanga, mosadodoma, ngati mmene ana amanenera vesi loloweza.

"Linandigwera geti la agogo. Amayi anali pa foni."

"Pepa, mwana wanga," anatero mayiyo. Anamuyang'ana Mzime kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupitirira kukhitchini.

Mzime anamaliza kusisita phazi lija. Anamuvekanso sokosi, n'kutseka botolo la mafuta. Nthawi itakwana, mlamu wake anaika zoluka pambali n'kunyamula mwana.

Mkamwini anamupatsa galimoto yaikulu kuntchito, tsopano akuyenda maulendo ataliatali. Chisamba ali pa tebulo lake. Kachiwala akadali kwa asewere.